Kuzungulira phiri la Katahdin kudzera pa Knife Edge

Lolemba, ku Roaring Brook

Tinanyamuka ku Portland m'mamawa, ine ndi alamu anga, galimoto itadzaza ndi zikwama, zofunda, kachitofu ka gasi ndi chakudya cha masiku onse amene tikhale m'nkhalango, ndipo tinatsata msewu waukulu wa I-95 kulowera kumpoto kwa Maine, chigawo cha dziko la America. Munthu akapitirira Bangor amadutsa pafupi ndi tauni ya Old Town, kumene kuli chilumba cha Indian Island pakati pa mtsinje wa Penobscot, ndipo pachilumbapo ndi pamene pali likulu la anthu a mtundu wa Penobscot, amene makolo awo ankalidziwa phiri la Katahdin kalekale azungu asanaponde dziko lino. Tinapatuka pa Medway n'kulowa mu Millinocket, tauni yomaliza yokhala ndi masitolo, mafuta a galimoto ndi netiweki ya foni. Tauniyi inakula chifukwa cha fakitale ya mapepala ya Great Northern Paper, imene inatsekedwa mu 2008, ndipo masiku ano malo ogona, malo odyera ndi masitolo ogulitsa nsapato zokwerera mapiri amayang'anira kwa alendo onga ife.

Kuchoka ku Millinocket kufika pachipata cha Togue Pond, cholowera mu Baxter State Park, paki imene muli phirili, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo phula limathera pomwepo. Mlonda wa paki anatifunsa pepala losonyeza kuti tinasungitsiratu malo ogona, anafunsanso ngati tatenga galu kapena nkhuni zochokera kunja, pakuti zonsezi n'zoletsedwa, kenako anatikumbutsa kuti m'kati muno mulibe magetsi, mulibe mipopi ya madzi, mulibe sitolo, ndiponso mulibe potaya zinyalala, kotero chilichonse chimene talowa nacho tidzatuluke nacho. Nkhuni zakunja amazikana chifukwa cha tizilombo toboola mitengo timene timabisala m'makungwa n'kukafalikira m'nkhalango. Kuchokera pachipata tinayenda makilomita 13 pamsewu wafumbi, wopapatiza, umene galimoto sililoledwa kuthamangapo, mpaka kufika pamsasa wa Roaring Brook.

Malamulo amenewa ali ndi mwini wake. Percival Baxter anali bwanamkubwa wa Maine kuyambira 1921 mpaka 1925, ndipo ali pampando anayesetsa kuti nyumba ya malamulo igule phirili m'manja mwa eni nkhalango amene ankadulamo mitengo, koma aphungu sanavomere. Atachoka pampando anayamba kugula malowo ndi ndalama za m'thumba mwake. Chigawo choyamba, chimene chili ndi nsonga ya phiri, anachipereka kwa anthu a ku Maine mu 1931, ndipo anapitiriza kugula ndi kupereka mpaka 1962, ndipo lero pakiyi ndi yaikulu mahekitala oposa 84,000. Pa mphatso yakeyo anaikapo pangano lakuti malowa akhale tchire mpaka kalekale, ndipo anasiya thumba la ndalama loyendetsera pakiyo kuti isamadalire misonkho ya boma. Chimene chandigwira mtima n'chakuti munthu wachuma chotere sanafune kulikonza phirili kuti likhale losavuta. Ku Mount Washington, m'chigawo choyandikana nacho cha New Hampshire, galimoto ndi sitima yapanjanji zimafika pansonga penipeni, koma kuno aliyense wofuna kuima pamwamba ayenera kufikapo ndi miyendo yake.

Pogona pathu ndi kachisakasa ka matabwa, ka makoma atatu, kotseguka kutsogolo, ndipo mtsinje umene unapatsa msasawu dzina ukusokosera kumbuyo kwake. Madzi akumwa tikutunga mumtsinjemo n'kuwasefa ndi kasefa kopopa pamanja. Dzuwa litapendeka tinayenda kamtunda kochepa kupita ku dziwe la Sandy Stream Pond, ndipo titakhala chete pathanthwe la m'mbali mwa madzi tinaona nyama yotchedwa moose, yaikazi, yaitali msinkhu kuposa ntchefu, itaima m'madzi olekeza m'mimba mwake. Inkamiza mutu wonse kwa kanthawi ndithu, n'kuuvuula ili ndi zomera za pansi pa dziwe kukamwa, madzi akuchucha m'makutu ndi pamphuno yake yaitaliyo, ndipo sinalabadire za anthu amene tinkaiyang'ana. Kuseri kwake Katahdin linaima lonse lathunthu, mitengo ya maple ya m'munsi mwake itayamba kale kufiira, pakuti muno mu Seputembala kuzizira kumafika msanga kumpoto kuno.

Lachiwiri, ku Roaring Brook

Tinagona ndi maganizo akuti lero tikwera, koma pakati pa usiku mphepo inayamba kuwomba m'mitengo, ndipo kutacha chikwangwani cha zanyengo pa ofesi ya mlonda chinkanena za mphepo yamkuntho pamwamba pa phiri ndi mitambo yokuta nsonga zonse. Mlondayo sanatikanize ndi mawu aukali, koma anatifotokozera modekha kuti pa Knife Edge, kanjira kopapatiza ka pamwamba pa phirili, palibe pobisala ndiponso palibe potsikira, kotero munthu akangoyambapo ayenera kumaliza kapena kubwerera momwe wadzera. Alamu anga, amene tchuthi chawo cha kuntchito anachipeza movutikira, anakhumudwa n'kundifunsa kuti, "Alamu, mtunda wonse uja tayenda, ndiye mphepo yokhayi itibweze?" Ndinawayankha kuti mawa kukuoneka kuti kucha bwino, ndipo tinagwirizana zodikira.

M'malo mwake tinakwera South Turner, kaphiri ka mamita pafupifupi 950 kamene njira yake ndi ya makilomita atatu okha kuchokera pamsasa. Ndikulimbikitsa aliyense wobwera kuno kuti ayambe wakwera kaphiri aka, chifukwa pamwamba pake ndi pamene munthu amaona bwino mmene Katahdin linapangikira. Phirili ndi la mwala wa granite umene unaumbika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo, ndipo madzi oundana amene anakuta dziko lino mpaka zaka zoposa 10,000 zapitazo anakumba zigwa zikuluzikulu zozungulira m'mbali mwake. Kumene madzi oundanawo anadya phiri mbali zonse ziwiri kunatsala mzere wopyapyala wa miyala, ndipo mzere umenewo ndiwo Knife Edge, wolumikiza nsonga ya Pamola ndi nsonga yaitali kuposa zonse ya Baxter Peak. Mitambo ikang'ambika tinkauona mzerewo uli mano okhaokha, kenako n'kubisikanso. Ngakhale pamene tinaima ife, mamita oposa 600 kutsika kuchokera pa msinkhu wa Baxter Peak, mphepo inkatikankha moti tinkayankhula titagwada kuseri kwa mwala, ndipo alamu anga sanabwerezenso funso lawo la m'mawa.

Nsonga ya Pamola inatenga dzina la mzimu umene anthu a mtundu wa Penobscot ankakhulupirira kuti umalondera phirili, umene ankaufotokoza kuti uli ndi mutu wa moose, thupi la munthu, ndi mapiko a chiwombankhanga, ndipo ndiwo unkabweretsa mphepo ndi chisanu pa anthu okwera mopanda ulemu. Ine amene ndinakula ndikumva za mizimu ya ku Sapitwa sindinazione zachilendo zimenezi, ndipo sindiziyesa nthano zachabe, chifukwa anthu amene akhala m'tsinde mwa phiri kwa mibadwo yambiri amadziwa kuti nyengo yake imatembenuka mwadzidzidzi, ndipo chenjezo lawo amaliika m'mawu amene mwana sangaiwale. Mbiri ya pakiyi ikuwavomereza. Mu Okutobala 1963 mayi wina anasiya njira ya pa Knife Edge pofuna kudulira kutsikira ku dziwe la Chimney Pond, nakanirira pathanthwe, ndipo mlonda wa paki Ralph Heath anakwera kukamupulumutsa, koma namondwe wa chipale anawapeza komweko ndipo onse awiri anamwalira.

Madzulo ano takonza zikwama: madzi malita atatu aliyense, buledi, chiponde, mtedza, majekete otchinga mphepo, zipewa zaubweya, magolovesi, mapu apepala ndi matochi ovala pamphumi. Tochi ndi lamulo la paki kwa aliyense wokwera, monganso lamulo lakuti ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi asapitirire pomwe mitengo imathera.

Lachitatu, ku Roaring Brook

Ndikulemba izi ndi tochi, miyendo ikunjenjemerabe, chifukwa ndikufuna kuziika papepala zisanazilale m'mutu. Njira imene tazungulira lero ndi ya makilomita pafupifupi 16: kukwera ndi Helon Taylor Trail mpaka pa Pamola, kuwoloka Knife Edge kufika pa Baxter Peak, kutsika ndi Saddle Trail mpaka ku Chimney Pond, kenako kubwerera pamsasa ndi Chimney Pond Trail. Kudakali mdima tinalemba maina athu, njira yathu ndi nthawi yonyamukira m'kaundula amene amakhala pakhonde la ofesi ya mlonda, pakuti madzulo alonda amayang'ana m'menemo kuti adziwe amene sanabwerere.

Helon Taylor Trail, imene inatchedwa dzina la mkulu wina wakale woyang'anira pakiyi, imakwera mamita oposa 1,000 pa mtunda wa makilomita asanu okha. Poyamba imadutsa m'mitengo ya birch, kenako m'mitengo ya spruce ndi fir imene imafupikirafupikira munthu akamakwera, mpaka imafika polekeza m'chiuno, yopindika ndi yonyentchera chifukwa cha mphepo ya m'nyengo yachisanu. Madzi omaliza ndi a kamtsinje ka Bear Brook, ndipo tinadzazanso mabotolo pamenepo. Katahdin ndi lalitali mamita 1,606, kungopitirira pang'ono theka la Sapitwa amene ali ndi mamita 3,002, koma chifukwa lili kumpoto kwambiri mitengo imathera munthu atangopitirira mamita 1,000, ndipo kuchokera pamenepo ulendo wonse ndi wa pamtetete. Pa mtandadza wa Keep Ridge njira imasanduka miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina yaikulu kuposa galimoto, ndipo chokutsogolera ndi timizere ta utoto wabuluu topakidwa pamiyalapo. Pamenepa ndodo zoyendera zinasanduka katundu, tinazipinda n'kuzimangirira kuzikwama kuti manja agwire ntchito.

Tinafika pa Pamola, pamsinkhu wa mamita pafupifupi 1,500, kumwamba kuli mbee, kamphepo kakuwomba pang'ono chabe. Chimene mapu sakuuza n'chakuti malo ovuta kuposa onse ali poyambirira penipeni. Munthu akangochoka pa Pamola amatsika phompho lalifupi koma loimirira, kulowa pampata wopapatiza, n'kukweranso khoma lina loimirira chimodzimodzi kupita pa Chimney Peak. Potsika ndinatembenuka kuyang'ana mwala, chifuwa chikukhudza thanthwe, zala zitagwira mng'alu wozizira, phazi lamanja likufufuza popondera pamene maso sakanatha kuona. Alamu anga, amene anatsogola, anaima pansi n'kumandiuza kuti, "Tsitsani phazi pang'ono, alamu, kumanzereko, pali kamwala kotuluka, pondani pamenepo osaopa." Nditaponda ndinamva kuti kagwira, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala ndisakupuma. Panali mnyamata wina wa gulu lina amene anayang'ana mpatawo kwa nthawi yaitali, n'kuuza anzake kuti iye abwerera ndi njira imene anadzera, ndipo palibe amene anamunyoza, chifukwa pamalo pamenepo m'pamene kubwerera kumakhala kotheka ndi kwanzeru.

Knife Edge ndi wa makilomita 1.8 okha, koma unatitengera pafupifupi maola awiri. M'malo ena ndi wotambalala moti munthu amayenda choimirira bwinobwino, koma m'malo ena m'lifupi mwake ndi mita imodzi, ndipo kuyendapo kuli ngati kuyenda pamwamba pa chipupa cha nyumba yosafolera, kungoti pansi pake pali kutali kosaneneka. Kudzanja lamanja thanthwe limagwa mamita pafupifupi 600 kulowa m'chigwa cha South Basin, kumene dziwe la Chimney Pond limaoneka kadontho kobiriwira, ndipo kumanzere phiri limatsetsereka kulowera ku nkhalango ndi nyanja zambirimbiri za kumwera. Palibe chingwe, palibe chitsulo chogwirira, palibe mpanda. Pena ndinkakwawa, pena ndinkakhala pansi n'kumadzikhwekhwereza, ndipo ndinaphunzira msanga kuti wofuna kuona kukongola kwa dziko ayambe waima, agwire mwala, kenako adzutse mutu, pakuti maso ndi mapazi sizingagwire ntchito ziwiri nthawi imodzi pamalo otere. Mwalawo ndi wokhakhala, umagwira nsapato bwino ukakhala wouma, ndipo ndinamvetsa chifukwa chimene alonda amaopera mvula ngakhale yowaza chabe. Tikakumana ndi anthu ochokera mbali inayo, mmodzi ankapeza pokhala n'kudikira kuti mnzake adutse, popanda wokangana kapena wofulumizitsa wina. Mzerewu uli ndi tinsonga tambiri tonyenga, kalikonse kooneka ngati komaliza, mpaka munthu afike pa South Peak, pamene njira imatambalala ndipo mulu waukulu wa miyala wa pa Baxter Peak umaonekera patsogolo.

Pansonga pali chikwangwani chamatabwa, chopserera ndi dzuwa ndi chisanu, chimene anthu ambiri amachidziwa chifukwa ndi pamene imathera Appalachian Trail, njira ya makilomita pafupifupi 3,500 yoyambira pa Springer Mountain ku Georgia n'kudutsa m'zigawo 14 za dziko la America. Oyenda njira yonseyo amatha miyezi isanu kapena kuposerapo, ndipo amakwera Katahdin kuchokera kumbali ina, kutsata zizindikiro zoyera za Hunt Trail. Tikudya buledi wathu kunatulukira bambo wina woonda, wandevu zotuwa, nsapato zitang'ambika n'kumatidwa ndi tepi, ndipo atatsala mapazi ochepa kuti afike anayamba kuyenda pang'onopang'ono, nakagwira chikwangwanicho ndi manja onse awiri, n'kutsamiritsapo mphumi, mapewa akugwedezeka ndi kulira. Anthu onse amene tinali pamenepo tinasiya kuyankhula, kenako wina anayamba kuwomba m'manja ndipo tonse tinatsatira. Ife amene tinanyamuka m'mawa womwewo tinadziwa kuti chikwangwani chimene ife tajambulitsapo chithunzi chili ndi kulemera kwina kwa munthu ameneyu.

Kutsika kumayamba mokoma, kudutsa pa Tableland, chidikha chachikulu cha pamwamba pa phiri chimene zomera zake n'zofanana ndi za kumpoto kwenikweni kwa Canada. M'mbali mwa njira anamangamo tizingwe tating'ono pafupi ndi nthaka, osati totchinjiriza anthu koma totchinjiriza zomera kwa anthu. Ndinagwada kuyang'ana kachomera kotchedwa diapensia, kamene kamamera mothinana ngati kamtsamiro kobiriwira, timasamba take tating'ono kwambiri tayamba kufiirira m'mphepete, ndipo kamakula pang'onopang'ono moti phazi limodzi losasamala lingawononge zimene zakula kwa zaka makumi angapo. Pachidikha chomwechi pamakhala gulugufe wotchedwa Katahdin Arctic amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ngakhale ife sitinamuone chifukwa amauluka cha mu Julayi. Kale pankadyanso nyama za caribou, zimene zinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo atayesa kuzibwezeretsa mu 1963 pozitenga ku Newfoundland, m'dziko la Canada, sizinakhazikike. Nditaona zimenezi ndinasiya kuwaona malamulo a pakiyi ngati nkhanza, chifukwa chimene chatha pamalo ngati ano sichibwerera ngakhale anthu atachifuna chotani.

Pa Saddle njira imagwera mwadzidzidzi m'chigumukire cha miyala yosakhazikika ndi mchenga wofiirira, ndipo ngakhale amati iyi ndiyo njira yofewa kuposa zonse za mbali ino, mawondo anga sanavomereze. Tinatsika motalikirana kuti mwala wogubuduzidwa ndi wapamwamba usagwere wapansi. Ku Chimney Pond tinavula nsapato n'kukhala pamiyala ya m'mbali mwa dziwe, limene kusambamo n'koletsedwa, ndipo titakweza maso tinaona mzere wonse umene tinadutsa utazungulira chigwacho pamwamba pathu, tianthu tina tikuyendabe pamenepo, tochepa moti tinkatizindikira ndi mitundu ya majekete awo yokha. Alamu anga anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Alamu, achemwali anu ndikawauza kuti ndinadutsa apo sakandikhulupirira."

Makilomita asanu otsiriza, kudutsa pa Basin Ponds n'kutsata mtsinje, ndi a miyala yobulungira ndi timilatho ta matabwa, ndipo kwa munthu wotopa amaoneka osatha. Tinafika pamsasa kukuyamba kuda, tinalemba m'kaundula kuti tabwerako, n'kuphika mpunga ndi nyemba za m'chitini.

Lachinayi, ku Millinocket

Kudzuka kunali kovuta, ntchafu zitauma ndipo nsonga za zala zitasupuka ndi mwala. Tinasesa kachisakasa kathu, tinatola chilichonse mpaka makoko a malalanje, n'kumanga zinyalala zonse m'thumba limodzi limene tabwera nalo kuno ku tauni. Pamalo oimika magalimoto a anthu obwera tsiku limodzi panali patadzaza kale, ndipo pakiyi siwonjezera malowo ngakhale ofuna kukwera achuluke chotani. Amene sanasungitse malo amauzidwa pachipata kuti asankhe phiri lina, pakuti m'pakimu muli nsonga zina zambiri ndi njira za makilomita oposa 300. Ndikudziwa kuti munthu amene wayendetsa galimoto usiku wonse n'kubwezedwa amamva kuwawa, ndipo ndikuvomereza kuti dongosolo lotere limakomera amene ali ndi intaneti ndi ntchito yowalola kukonzeratu tchuthi miyezi ingapo isanafike. Komabe nditakumbukira mpata wa pakati pa Pamola ndi Chimney Peak, pamene pamadutsa munthu mmodzi nthawi imodzi, sindikuona mmene anthu owirikiza kawiri akanadutsira dzulo popanda wina kuvulala.

Pano tili m'kanyumba kodyera ka mumsewu waukulu wa Millinocket, mafoni ayamba kulira ndi mauthenga a kunyumba, ndipo alamu anga atambasula mapu patebulo pakati pa makapu a khofi. Akufuna kuti chaka chamawa tidzagone ku Chimney Pond komweko, kumene kuli tizisakasa towerengeka ndipo kusonkha moto n'koletsedwa, kuti tidzakwere ndi Cathedral Trail n'kukafikanso pa Hamlin Peak, nsonga ina ya phirili imene dzulo tinangoiona kumpoto. Malo ogona amayamba kusungitsidwa kutatsala miyezi inayi, kotero kuti tidzapeze a mu Seputembala tiyenera kudzakhala tcheru mu Meyi, ndipo ntchito imeneyo aipereka kwa ine.